Band ya 480 ikutuluka mpaka mu negative, thandizeni

Naphiri: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndikufufuza tizilombo ta trypanosoma ndi PCR, njira yochulukitsa DNA. Magazi a ng'ombe za ku Mambwe pa FTA card (pepala losungira magazi), Chelex yotulutsira DNA, kenako PCR ya chigawo cha DNA cha ITS1 ndi ma primer (tizidutswa ta DNA tolondola chigawocho) a CF/BR. Pa gel, pomwe mtundu uliwonse wa tizilomboti umaoneka ngati mzere (band) wa kutalika kwake kwa DNA, 700 ya congolense ikutuluka bwinobwino, 250 ya vivax apo ndi apo. Koma 480 ya gulu la brucei ili ponseponse, mpaka mu negative, chubu chomwe sichiyenera kutulutsa kanthu! Master mix (msanganizo wa PCR) ndasintha, ma tips ndatsegula atsopano, zomwezo. Abwana akufuna pofika Lachisanu ndiwauze masampulo opita ku SRA, PCR yozindikira rhodesiense, brucei ya kaodzera wa anthu. Ndinene kuti makola onse ali ndi brucei?

Tembo: Ndi madzi a mu mix amenewo mayi. Tayani, tsegulani ena.

Naphiri: A Tembo, madzi ndi atsopano, ndatsegula dzulo.

Sakala: Negative yake iti achemwali? Ya madzi okha mu mix, kapena ya pepala lopanda magazi lomwe ladutsa mu Chelex pamodzi ndi masampulo?

Naphiri: Zonse ziwiri, koma ya pepala ndiyo ikuwala kwambiri.

Sakala: Ndiye yang'anani chobowolera ma FTA card. Tizidutswa ta pepala timakanirira m'kamwa mwake n'kugwera m'sampulo yotsatira. Pakati pa khadi ndi khadi muzibowola pepala loyera kangapo. Ndipo spirit musaidalire, 70% imapha tizilombo koma DNA imatsala ili gwa. Jik wosungunula 10%, mudikire pang'ono, mutsuke ndi madzi, chifukwa jik akatsalira adzakuphereninso PCR.

Tembo: Chobowolera chilowa bwanji mu negative ya madzi? Ndanena kale, ndi madzi.

Nabanda: Apa a Tembo afunsa zoona, koma si madzi okha amene amalowa mu chubu. Ma primer munasungunula liti, ndipo ndi pipette (kachida koyezera timadzi) iti? Kumene ndinkagwira kale tinavutika nyengo yonse ya mvula ndi nested PCR ya malungo, band ya 205 ya kachilombo ka falciparum inkatuluka ngakhale mu chubu chopanda sampulo. Tinataya ma reagent a ndalama zambiri. Mapeto ake tinapeza kuti mnyamata wa usiku ankabwereka pipette ya P10 ya m'chipinda cha mix kukaikira masampulo pa gel, m'mawa n'kuibweza mwakachetechete. Chubu chimodzi cha PCR yotha chimakhala ndi makope mabiliyoni, kungochitsegula pafupi ndi benchi ya mix basi mwaipitsa. Labu koti yovala ku gel isalowe kokonzera mix.

Mbewe: Mwana wanga, chonde musalembe lipoti kuchokera pa gel imeneyo. Negative ikadetsedwa, run yonse yafa, ngakhale ma 700 okongolawo. Komanso 480 imangokuuzani kuti ndi gulu la brucei, siyisiyanitsa ya ziweto ndi rhodesiense ya kaodzera wa anthu. N'chifukwa chake pali SRA. Musaiwale kumene magaziwo achokera. Rhodesiense inafotokozedwa koyamba mu 1910 kuchokera kwa munthu amene anaitenga m'chigwa cha Luangwa chomwechi, ndipo kashembe ndi nyama zakutchire zosunga kachilomboka zikadalipo. Mawu oti ng'ombe za m'mudzi wakuti zili ndi kaodzera akangotuluka, alimi sadzagulitsa ngakhale thole, ndipo chaka chamawa sadzakulolani kugwira khutu la ng'ombe.

Tembo: Ine ntchitoyi ndakalamba nayo. Gawani madzi m'timachubu ting'onoting'ono, kamodzi mwagwiritsa, mwataya. Muona.

Zulu: Inu muli ndi mwayi band ikutuluka. Ife mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima thermocycler ili pakati pa run. Freezer ya -20 inasungunuka kangapo, Taq (enzyme ya PCR) yonse inafooka, positive control (chubu cha DNA yodziwika) n'kumangotuluka ngati mthunzi. Amene ali ndi inverter yokwanira freezer ndi makina, mabatire ndi angati?

Sakala: Thermocycler imakoka moto kwambiri ikamatenthetsa, musaiphatikize ndi freezer pa inverter yaing'ono.

Nabanda: Naphiri, positive control yanu ndi brucei? Ngati ndi choncho muziika pomaliza penipeni, machubu ena onse atatsekedwa, ndipo muisungunule, isakhale yamphamvu kwambiri. SRA musayambe mpaka negative itayera, mungaipitsenso ma primer ake.

Tembo: Mwasintha madzi?

Zulu: A Sakala, ya 3kVA ingakwane freezer yokha usiku wonse?