Anthu otchuka a ku Timbuktu: makope awa ndichonge bwanji?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Anzanga, ndinapatsa ana a Fomu 2 ntchito yolemba za anthu otchuka amene ankakhala ku Timbuktu, mzinda wa ku Mali. Makope abwera dzulo, pafupifupi onse alemba Mansa Musa basi, mfumu ya ufumu wakale wa Mali. Awiri awonjezera René Caillié, Mfalansa woyendera maiko. Ndiwapatse ziro? Mtima ukukana.

Madamu a ku Zomba: Ayi achimwene, funso lanulo ndi limene linali lotambalala. Mansa Musa anangodutsako pobwerera ku Mecca, ulendo uja wa 1324. Caillié ndiye mlendo weniweni, anagona milungu iwiri yokha mu 1828 atadzibisa ngati Msilamu. Apatseni theka la malikisi, Lolemba mudule bolodi pakati: uku "odutsa", uku "okhala".

Mphunzitsi wa ku Dedza: Nanga ku okhalako ndilemba ndani? Buku lathu silitchula aliyense.

Sala a ku Karonga: Yambani ndi Ahmad Baba, wobadwa mu 1556, wophunzitsa malamulo a Chisilamu mumzindamo. Asilikali a Morocco atagonjetsa ufumu wa Songhai, umene unkalamulira Timbuktu, pa nkhondo ya Tondibi mu 1591, iye anamangidwa n'kutengedwa kupita ku Marrakesh, mzinda wa ku Morocco, mu 1594, kuwoloka Sahara yonse ali mkaidi. Chimene ana anga amachikonda ndi dandaulo lake: anamulanda mabuku 1,600, iye n'kumati laibulale yake inali yaing'ono poyerekeza ndi za abale ake. Ndikanena izi ndimaloza kabati yathu ya mabuku, kalasi yonse imafa nako kuseka. Anabwerera kwawo mu 1608, anamwalira mu 1627. Malo osungira zolemba zakale ku Timbuktu ali ndi dzina lake, ndi omwe aja zigawenga zinawotcha zina mwa zolembazo mu Januwale 2013.

Madamu a ku Zomba: Wonjezerani Abu Ishaq al-Sahili, mlakatuli wa ku Granada ku Spain amene anabwera ndi Mansa Musa. Dzina lake limatchulidwa akamakamba za amene anamanga mzikiti wadothi wa Djinguereber ku Timbuktu, wa 1327, ndipo anafera mumzinda momwemo. Ameneyu amasokoneza bolodi lanulo, mlendo amene anakhazikika. Asiyeni ana atsutsane okha kuti apite mbali iti.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Zikomo kwambiri. Theka la malikisi ndapereka, Lolemba alembanso. Koma Djinguereber ndiyamba ndayeseza kulemba ndekha kunyumba, ana awa sachedwa kugwira mphunzitsi pa sipelo.