Biti ya 6.8 ikusowa, ndiboole ndi 6.5 kapena 7 pa tapu ya M8?

WowotchereraKuBangwe:
Amisiri anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndikupanga chomangirapo mota ya kachigayo kogaya zakudya za nkhuku. Puleti yake ndi yachitsulo wamba, yokhuthala mamilimita 12, ndipo kunsi kwake sipanala siyingalowe, ndiye za nati tiiwale. Ndiyenera kudula mazinga m'puleti momwemo, mabowo anayi a M8, kutanthauza a bawuti ya mamilimita 8. Pa kabokosi ka matapu, zida zodulira mazingawo, analembapo kuti biti yoboolera ikhale ya mamilimita 6.8, koma m'mahadiweya omwe ndafunsa ku Limbe aliyense akunditulutsira 6.5 ndi 7 basi. Mtima wanga uli pa 6.5 poti chigayo chimanjenjemera, sindikufuna bawuti yogwedera. Chikundiopsa n'chakuti matapu ndili ndi seti imodzi yokha.

MkuluWaLefu:
Achimwene, 6.5 isiyeni. Mukaiwala china chilichonse, kumbukirani kuchotsera: kukula kwa bawuti kuchotsapo pitch, kutanthauza mtunda wochokera pa zinga limodzi kufika pa linzake. M8 wamba pitch yake ndi 1.25, ndiye 8 kuchotsa 1.25 yatsala 6.75, n'chifukwa chake analemba 6.8. M6 ndi 5, M10 ndi 8.5, M12 ndi 10.2. Bowo lotere limapereka mazinga ozama pafupifupi 75 peresenti ya kuzama kwathunthu.

Mukaboola ndi 6.5 mwadutsa 90 peresenti. Pansi pa mazinga a M8 palokha ndi pa 6.65, ndiye tapu ikhala ikudya chitsulo ndi thupi lake lomwe, osati ndi mano okha. Imalimba kupota, imayamba kulira, kenako thyo! Ndipo tapu ndi chitsulo chouma, ikathyokera m'katimo biti wamba siyingaiboole. Mphamvu yomwe mwaonjezera pa bawutiyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi chiopsezocho.

Ndi 7 mupeza cha m'ma 60 peresenti. Ili kunja pang'ono kwa muyezo wa m'mabuku, umene umathera cha pa 6.9, koma pa ntchito yanuyi ikwana, chifukwa chimene chimagwira bawuti kwambiri ndi kuchuluka kwa mazinga omwe alumana. Tengani nati ya M8 muiyeze: kutalika kwake ndi mamilimita 6.5 kapena kuposa pang'ono, mazinga asanu okha, koma mukamanga mopyola nthawi zambiri imaduka ndi bawuti, nati ili bwinobwino. Puleti yanu ya 12 ikupatsani mazinga asanu ndi anayi. Chitsulo chake n'chofewerapo kusiyana ndi cha nati yabwino, inde, koma kuzama kwa kamodzi ndi theka kwa kukula kwa bawuti ndi komwe timafuna pa chitsulo wamba, ndipo inu muli pomwepo. Ikanakhala puleti ya 5 kapena 6 ndikanati sakanibe 6.8, kapena muwotcherere nati kunsi musanamange.

MakanikaWaNjingaZamoto:
Madala anena zoona koma funso ndi lakuti mukuboola ndi chiyani. Ngati ndi dirilo yapamanja, biti ya 7 siyitulutsa 7. Dzanja limagwedera, bitinso ikakhala yonoledwa mopendama bowo limafika 7.2, apo mazinga atsikira ku theka. Ine 7 pamanja sindingayerekeze pa chinthu chonjenjemera. Funsani kwa ogulitsa zida zakale ku Ndirande ngati ali ndi mabiti a mainchesi. 17/64 ndi pafupifupi 6.75, anthu amaidutsa chifukwa cha manambala akewo.

Chinanso, yang'anani mabawuti anuwo. Ilipo M8 ya mazinga ang'onoang'ono, pitch 1, imeneyo biti yake ndi 7 yomweyo koma tapu yake ndi ina. Gundanitsani bawuti ndi tapu muone ngati mano akulowana.

WowotchereraKuBangwe:
Zikomo nonse. Mabawuti ndi a giredi ya kulimba ya 8.8, ndagundanitsa ndi tapu akulowana bwino. Dirilo yoimika ilipo kwa neba wanga, andibwereka. 17/64 ndikaifunsa mawa, ikasowa ndiboola ndi 7 pa makinapo. Nanga mafuta? Ndili ndi oyilo wa injini yekha.

MkuluWaLefu:
Pa chitsulo wamba oyilo ameneyo achita, bola osadula pouma. Palafini musungire aluminiyamu, ndipo kumeneko muzizamitsa kawiri kukula kwa bawuti, M8 ilowe mamilimita 16. Cast iron, chitsulo choumbidwa chosungunula, ndiyo timadula popanda mafuta.

Menyani panchi, yambani ndi biti ya 4, kenako yaikuluyo, mupale pang'ono kukamwa kwa bowo ndi biti ya 10. Pa matapu atatu a m'seti, yambani ndi yosongoka kwambiri ija. Poti makina alipo, imangeni pa chaki, pomwe pamamangidwa biti, magetsi ali ozimitsa, mupote ndi dzanja maulendo awiri kapena atatu kuti ilowe chilili, kenako mupitirize ndi chogwirira chake. Theka kutsogolo, pang'ono kumbuyo mpaka mumve tizitsulo tathyoka. Ikalimba musakakamize, itulutseni muchotse zinyalala. Mabowo anu ndi otulukira kuseri, ndiye tapu yachitatu yosasongoka ija simuifuna.

Za kunjenjemera, 6.5 sikanakuthandizani. Bawuti imamasuka ikakhala yosamangitsa. Pukutani oyilo m'mabowomo, dontheziranimo Loctite wabuluu, guluu wogwira mazinga, mumange zolimba, ndipo chigayo chikagwira ntchito sabata imodzi mukadutsenso ndi sipanala.