Mawondo akupweteka, shuga sakutsika: tiyambire pati?

Kiliniko ofisa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi a zaka 58, onenepa ndithu, a shuga wa mtundu wachiwiri. Amamwa metformin wa shuga, komanso enalapril ndi HCTZ za BP. Mawondo onse ali ndi nyamakazi ya osteoarthritis, podzuka pampando amachita kugwira tebulo ndi manja awiri. Analeka kuyenda chifukwa cha ululu, ndiye HbA1c, muyeso wa shuga wa m'magazi wa miyezi itatu yapitayi, yakwera kufika 9. Amadzigulira okha diclofenac wakumwa wochepetsa ululu, ndipo pano akupempha jakisoni wa m'bondo. Ndiwabaye?

Namwino: Achimwene, musanafike pa jakisoni, diclofenac ameneyo aleke lero lomwe. Kumuphatikiza ndi enalapril ndi HCTZ pa munthu wa shuga n'kupha impso. Creatinine, woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, munayeza?

Kiliniko ofisa: Sindinayeze asisi, ndilemba mawa.

Dokotala: Jakisoni wa m'bondoyo ndi wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo amakweza shuga kwa masiku angapo, mwinanso sabata, ndipo ululu umabwerera pakapita milungu. Pa HbA1c ya 9 ine ndingadikire. Koma chimene ndikufuna tione bwino n'chakuti matenda awiriwa, shuga ndi nyamakazi, si oyendera padera. Tinazolowera kunena kuti bondo latha chifukwa chosenza thupi lolemera. N'zoona, koma nanga bwanji anthu onenepa amadwalanso nyamakazi imeneyi m'zala, zomwe sizisenza thupi? Thupi likasiya kumvera insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, mafuta a pamimba amatulutsa zinthu monga leptin ndi TNF-alpha zomwe zimayambitsa kutupa kwapansipansi, mpaka m'kati mwa mfundo. Shuga akakhalitsa wokwera amamatirira ku collagen, ulusi wolimbitsa mfundo, ndiye cartilage, chichereŵechereŵe chokuta nsonga za mafupa, imauma n'kumanyenyeka msanga. Kenako ululu umamukhazika munthu pansi, minofu ya ntchafu imafota. Pomwe minofu ndiyo imatenga shuga wambiri m'magazi tikadya. Ikafota, shuga amakweranso, bondo limavutikanso.

Wa fizio (wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi): Adokotala mwafika penipeni. Ndipo chondisangalatsa n'chakuti mnofu ukamagwira ntchito umakoka shuga ngakhale insulini isakugwira bwino. Mayiwa musawauze kuti "muziyenda" n'kuwasiya, sakwanitsa, agwa ulesi. Ayambe atakhala pampando: awongole mwendo, aumitse ntchafu masekondi 5, atsitse pang'onopang'ono. Akazolowera, adzuke ndi kukhala osagwira tebulo lija. Kuyenda kubwere pambuyo, mphindi zochepa akatha kudya, mpaka tidzafike pa mphindi 150 pa sabata zomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Ndodo agwire kudzanja la mbali yomwe sikupweteka kwambiri. Thupi likatsika ndi 5 mpaka 10 peresenti amamva kusintha, chifukwa kilo imodzi yochoka imapepuza bondo pafupifupi makilo 4 pa sitepe iliyonse.

Namwino: Asanayambe zoyendazo muwavule nsapato muone mapazi. Ngati kuphazi kwachita dzanzi, chilonda chingayambe iwo osadziwa.

Kiliniko ofisa: Nanga ululu ndiuchepetse ndi chiyani kuti ayambe n'komwe?

Dokotala: Paracetamol, ndi diclofenac wopaka pabondo ngati impso zili bwino, chifukwa wolowa m'magazi amakhala wochepa. Metformin apitirize, koma eGFR, muyeso wa mphamvu ya impso wochokera ku creatinine uja, ikatuluka pansi pa 30 muwasiyitse, tikambirane mankhwala ena. Jakisoni sindikuukaniratu ayi. Shuga akatsika koma bondo likadali lotupa ndi madzi, mubaye bondo limodzi, aziyezedwa shuga tsiku ndi tsiku sabata yonseyo.

Kiliniko ofisa: Zikomo kwambiri nonse. Mawa creatinine ndi mapazi, kenako ndiwatumiza ku fizio. Zotsatira zikatuluka ndikuuzani.