Kodi mpunga wa basmati ndi wa India kapena wa Pakistan?

Wachidwi:
Abale, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi. India itapempha bungwe la European Union mu 2018 kuti dzina la basmati lidziwike kuti ndi lake, Pakistan idatsutsa ponena kuti nayonso imalima mpunga womwewo kuyambira kalekale. Kodi pakati pa maiko awiriwa, ndani adatengera kwa mnzake?

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, palibe amene adatengera kwa mnzake, chifukwa mpungawo ndi wakale kuposa malire. Basmati amalimidwa kwambiri ku Punjab, dera lomwe lidagawidwa pawiri mu 1947 pamene Angelezi ankachoka, ndipo malirewo adadutsa pakati pa anthu a chiyankhulo chimodzi. Lahore ndi Amritsar ndi mizinda yotalikirana makilomita pafupifupi 50 okha, koma lero ili m'maiko osiyana. Ngakhale Guru Nanak, amene adayambitsa chipembedzo cha Asikh, adabadwira ku Nankana Sahib, komwe tsopano ndi ku Pakistan, pomwe Asikh ochuluka amakhala ku India. N'chifukwa chake mu 2019 adatsegula njira ya Kartarpur kuti olambira ochokera ku India aziwoloka popanda viza kupita ku kachisi wa Asikh amene ali ku Kartarpur, ku Pakistan.

Mayi Wosoka:
Ndikugwirizana nanu bambo, komabe tisachepse madandaulo a anthu wamba. India italembetsa mu 2024 nsalu ya sari ya Tangail ngati ya ku West Bengal, chigawo cha dziko la India, anthu a ku Bangladesh adakhumudwa kwambiri, poti Tangail ndi boma la m'dziko lawo. N'zoona kuti mabanja ambiri owomba nsalu adasamukira ku India dera la Bengal litagawidwa mu 1947 ndipo adapita ndi luso lawo, koma dzina likakhala pa msika limasanduka ndalama. Woluka amene amakhala masiku ambiri akulowetsa ulusi umodziumodzi m'mphepete mwa sari ndiye amaluza wogula akasokonezeka. Ine ndikuona kuti dzinalo liyenera kulembetsedwa ndi maiko onse awiri pamodzi.

Wowerenga Mbiri:
Kutengerana kwenikweni kuliponso, ndipo sikuchititsa manyazi. Buddha adabadwira ku Lumbini, m'dziko la Nepal lero, koma chiphunzitso chake chidafika ku Sri Lanka kudzera mwa Mahinda, mwana wa mfumu Ashoka ya ku India, ndipo amonke a pachilumbapo ndiwo adalemba malemba opatulika a Chibuda a m'chiyankhulo cha Chipali amene maiko ena adadzatenganso kwa iwo.