Kulowa mu access point kudzera pa Console komanso uli kutali

Funso

Moni nonse. Ndapatsidwa ntchito yoika access point (chipangizo chofalitsa Wi-Fi) kudenga la holo yaikulu, ndipo ikangokwezedwa kumeneko kudzakhala kovuta kuifikira. Ndikufuna kuti ndizitha kusintha zinthu mmenemo ndili pa kompyuta yanga, komanso pakhale khomo lina lolowera netiweki ikadzasokonezeka. Ndalumikiza chingwe pamene palembedwa kuti Console (polumikizira kompyuta mwachindunji kuti usinthe zinthu m'chipangizocho), koma pa PuTTY, pulogalamu imene ndikulowera pa kompyuta, pakungotuluka zilembo zosawerengeka. Kodi vuto lingakhale pati, nanga pakati pa Telnet ndi SSH, njira ziwiri zolowera uli kutali kudzera pa netiweki, ndisankhe chiti?

Yankho loyamba

Achimwene, zilembo zosokonekerazo nthawi zambiri zimatanthauza kuti liwiro limene mwaika pa PuTTY silikugwirizana ndi la chipangizocho. Sankhani Serial, muike liwiro pa 9600, data bits 8, parity ikhale None, stop bit 1, ndipo flow control muizimitse. Zikakanika, yesani 115200, chifukwa zipangizo zambiri zimagwiritsa ntchito liwiro limeneli. Popeza zilembo zikutuluka, chingwe chanu chikuoneka kuti chili bwino, koma ena amene akuwerenga adziwe kuti Console ya RJ45 imangofanana pamaonekedwe ndi ya Ethernet, yolowetsamo chingwe wamba cha netiweki, ndipo imafuna chingwe chakechake. Mukamaliza, dinani Enter kuti ikufunseni dzina ndi pasiwedi.

Yankho lachiwiri

Telnet isiyeni. Imadutsa pa port 23 ndipo imatumiza chilichonse poyera, pasiwedi yomwe, moti aliyense amene akumvetsera pa netiwekiyo angathe kuiwerenga. SSH, ya pa port 22, imabisa zonse. Chimene ndikufuna kutsindika ndi dongosolo la kachitidwe kake, chifukwa anthu ambiri amadzitsekera kunja pothamangira kutseka makomo. Chipangizo chikadali patebulo, sinthani pasiwedi imene chinabwera nayo, muchipatse IP (adiresi yake pa netiweki) yosasinthasintha, mupange kiyi ya RSA ya ma bit 2048, imene SSH imagwiritsa ntchito, ndi kuyatsa SSH 2. Kenako, chingwe cha Console chili cholumikizabe, lowani kuchokera pa kompyuta ina kudzera pa SSH. Mukaona kuti mwalowadi, pamenepo ndi pamene mungazimitse Telnet ndi HTTP n'kusiya HTTPS yokha ngati mukufuna kumalowa kudzera pa browser. Musaiwale kusunga zosinthazo, apo ayi magetsi akangothima zonse zidzabwerera mwakale. Ndi bwinonso kuti kuyang'anira chipangizochi kukhale pa VLAN (gawo lapadera la netiweki) yakeyake, ndipo anthu olumikiza mafoni awo pa Wi-Fi asamaone n'komwe tsamba lolowera.

Yankho lachitatu

Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma Console nayonso muiikire pasiwedi ndi nthawi yoti izidzitseka yokha ikakhala osagwiritsidwa ntchito, popeza munthu wina akhoza kulumikiza chingwe n'kupeza khomo lili chitsegukire. Poti chipangizocho chikupita kudenga, mukhoza kusiya chingwe cha Console chitatsikira m'kabati yokiya, bola chisapitirire kwambiri mamita 15. Ngati mudzafuna kulowa muli kunja kwa nyumbayo, musatsegule port 22 ku intaneti, dutsani pa VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki muli kunja.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri nonse. Liwiro la 115200 ndi limene lagwira, ndipo SSH ndailowa kale kuchokera pa laputopu ina. Kwatsala VLAN, imene ndiyambe ndaikonza pa switch (pamene zingwe za netiweki zimakumana) access point isanakwezedwe.