Batani la R la DS Lite likumveka kudina koma gemu siikuyankha

Wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu mwaswera bwanji. Pabenchi panga pafika kachipangizo kandizunguza mutu. Ndi Nintendo DS Lite, ija yopinda ya masikirini awiri, kunsi kwake kwalembedwa USG-001. Mwini wake ndi mwana wa sukulu, anamutumizira ndi amalume ake a ku Joni. Ikuyaka, ikutchaja, mawu akutuluka. Vuto ndi batani la R, la pakona kumanja lija. Ukalidina likumveka bwinobwino kuti khe, koma mu gemu zikugwira mwa apo ndi apo. Mwanayo amasewera Mario Kart DS, ndiye R ndi lomwe amakhotera nalo pakona, akuti anzake akungomusiya m'mbuyo. Ine ndinazolowera mafoni. Ndiyambire pati?

Wa ku Chipoka: Aise, uzira ndi pakamwa pampata wa batanilo mwamphamvu. Ana amatero ndipo zimagwira.

Madala a pa Boma Nkhotakota: Zimagwira lero, mkucha kasitomala wabwera atakwinya nkhope. Chimene chimathandiza pamenepo ndi chinyezi cha mpweya wa m'kamwa basi. Chikauma vuto labwerera, ndipo mwawonjezera dzimbiri m'kati mwa switchi. Kuno kunyanja chinyezi tili nacho kale chokwanira. Mphwanga wa ku Salima, uyenera kutsegula. Koma usanagwire sikulu ina iliyonse, chotsa batire. Pabodi pali mafyuzi awiri ang'onoang'ono, F1 ndi F2, sachedwa kupsa ukagunditsa chitsulo batire ili m'kati. Ubwera ndi vuto la batani, uchoka ndi makina osayaka.

Wa pa Kamuzu Road: Batire ndachotsa madala. Koma masikulu ena kumbuyoku ndi a mbali zitatu. Ndayesa sikuludiraiva ija timatsegulira m'kati mwa iPhone 7, ikungoterereka.

Achemwali a ku Dwangwa: Isiyeni imeneyo achimwene, ndi yaing'ono, mungodya mutu wa sikulu. Ya Nintendo imafuna tri-wing yokulirapo. Ngati mulibe, tengani kasikuludiraiva ka fulati, mukanole ndi fayilo mpaka kalowe m'mbali imodzi ndi pakati, kenako mukanikize pansi mwamphamvu ndi kupotokola pang'onopang'ono. Masikulu ena abisala pansi pa timphira tija ta kumbuyo, ena m'malo a batire. Chikakana kutseguka musakoke, ndiye kuti ilipo yomwe simunaione. Ndipo muwayale pa pepala m'mene anakhalira, kutalika kwake ndi kosiyana.

Wa ku Senga Bay: Kuwonjezera pamenepo, tsegulirani pa nsalu yoyera. Batani la L ndi la R lililonse lili ndi kachitsulo kolowa pakati ndi kasipuling'i. Kasipuling'i kakadumpha n'kugwera pa simenti, mudzakwawa mpaka dzuwa kulowa. Jambulani ndi foni musanazule, mudzafuna kuona m'mene kanakolekedwera.

Wa pa Kamuzu Road: Yatseguka. Fumbi ndi mbwee, ndipo pakona pa R pali zomata ngati munatayikira Sobo. Switchi yake ndi kabokosi ka chitsulo kowotcherera pabodi, kofanana ndi ma switchi a m'mbali a mafoni akale. Ndili ndi sipiriti wa pepo uja ndi thinala. Ndithire uti?

Achemwali a ku Dwangwa: Thinala ayi, amasungunula pulasitiki, ndipo kamutu ka switchi ndi ka pulasitiki. Sipiriti wa pepo amasiya utoto ndi zotsalira. Pezani isopropyl, yemwe timatsukira mabodi a mafoni onyowa uja. Dontho limodzi pakamutu, mudine kambirimbiri kuti alowe m'kati, muyembekeze aume, mubwereze. Kuno ku Dwangwa zomatazo ndi za tsiku ndi tsiku, ana amasewera akudya mizimbe. Nthawi zambiri ma switchi amadzuka ndi kutsuka kokha.

Wa ku Chipoka: Kapena WD-40 pang'ono.

Achemwali a ku Dwangwa: Imeneyo kathireni pa tcheni cha njinga.

Wa pa Kamuzu Road: Isopropyl ndabwereka kwa mnzanga wa pafupi. Ndatsuka, ndavundikira chivundikiro popanda masikulu, ndayesa. Zasinthako pang'ono koma sizinathe. Chodabwitsa n'chakuti ndikadina batani chakumapeto likugwira, ndikadina pakati ayi. Ndiye switchi yafa? Ndili ndi mabodi a Nokia akale m'katoni, ndikhoza kuzulako ya voliyumu.

Wa ku Senga Bay: Zulani basi, musataye nthawi. Makina amenewa anatuluka mu 2006, kambale ka m'kati mwa switchi kanatopa kalekale. Chongoyang'anira ndi msinkhu. Ikatalika pang'ono batani limakhala lodinika nthawi zonse, ikafupika silifika.

Madala a pa Boma Nkhotakota: Taimani kaye. Mwamva zimene mphwangayu wanena? Akadina chakumapeto likugwira. Switchi yotopa siisankha mbali yomwe mwaidinira. Imeneyo ikuoneka kuti ikugwedera pabodi. Mphwanga, chotsanso batire, utenge mita yoyezera magetsi, uyike pa continuity, paja imalira magetsi akamadutsa. Poyamba gwira miyendo iwiri ya switchi, pachitsulo chake penipeni, osati pa solda (mtovu wowotcherera uja), wina akudinire. Kenako tsata. Mwendo umodzi umapita ku ground, mzere wa negativi wa bodi, winawo ndi umene umatenga uthenga kupita nawo m'kati. Batani likadinidwa limangolumikiza mzere umenewo ku ground, ndi ntchito yake yonse. Ndiye yeza kuchokera pa mwendo kukafika pa kanjira ka kopa komwe ukulowera. Undiuze pamene mita yakhala chete.

Wa pa Kamuzu Road: Madala mwalasa. Pamiyendo penipeni mita ikulira nthawi iliyonse ndikadina, osaphonya. Mwendo wa ku ground uli bwino. Winawo mita ili zii, ikungolira ndikakanikiza bokosi lonse la switchi ndi chala. Ndayang'ana ndi galasi lokulitsa, solda wang'ambika mozungulira mwendo, ndipo kapadi ka kopa kadzuka mbali imodzi. Ndamufunsa mwanayo, wavomera kuti inagwa pakhonde, inafikira pakona pomwepo.

Madala a pa Boma Nkhotakota: Ndi matenda ake amenewo. Makina akagwa amafikira pakona, batani limakankha switchi, mphamvu yonse imathera pa solda. Ukanazula n'kuyika ya Nokia, kapadiko kakanachokera limodzi ndi switchi yabwinobwino, ndipo yatsopanoyo ikanakhala pamalo opanda chogwira.

Tsopano mvetsera. Blower, ija youzira mpweya wotentha, isayandikire pamenepo, isungunula kamutu ka switchi ndipo kapadi kodzuka kale kadzangonyamuka. Gwiritsa soldering iron ya nsonga yopyapyala. Yamba ndi timiyendo tija togwira bokosi pabodi, uike flux, mankhwala othandiza solda kugwira, ukanikize switchi pansi ndi tweezer, uwotche kuti ikhale chilili osagwedera. Ukatero bwera pa mwendo wodwalawo. Usadalire kapadi kodzuka. Tsata kanjira kake pang'ono, upale utoto wa pamwamba ndi nsonga ya lezala mpaka kopa awale, upake solda pang'ono, ulumikize ndi kawaya kamodzi kuchokera pa mwendo kufika pamenepo. Kawaya ka jampa ka mafoni kaja kakwana. Kakhale kafupi, kogona pabodi, kasadutse pomwe batani limayenda kapena pa bowo la sikulu.

Wa ku Senga Bay: Ndagonja madala. Koma ine ndikanathirako super glue pang'ono kuti isadzagwederenso.

Madala a pa Boma Nkhotakota: Super glue amayenda yekha, amalowa m'kati mwa switchi n'kuuma momwemo. Ngati mukufuna cholimbitsira, kadontho ka epoxy kumbuyo kwa bokosi, kutali ndi kamutu, kapena UV mask, utoto wouma ndi kuwala kwa UV uja, pamwamba pa kawaya. Ndipo zimenezo n'zapambuyo, mita ikavomera kaye.

Wa pa Kamuzu Road: Magetsi anazima ndili pakati, ndiye ndamaliza m'mawa uno. Jampa yagwira. Mita ikulira kuchokera pa kanjira mpaka ku ground ndikadina, ndikasiya ikukhala chete. Ndagwedeza switchi ndi tweezer, siikusuntha. Ndikutseka tsopano.

Achemwali a ku Dwangwa: Musanatseke! Kachotsetsereka koyatsira ndi ka voliyumu tili pa chivundikiro, pomwe ma switchi ake ali pabodi. Timeneti tikapanda kulunjika, mukakanikiza chivundikiro kamutu ka switchi yoyatsira kamathyoka, ndipo imeneyo kuipeza kuno n'kovuta, mwina mpaka ku Lilongwe kapena kuyitanitsa kunja. Koyatsira kakhale pansi pamalo ozimitsa, ka voliyumu mukakankhire mbali imodzi, pabodi ndi pa chivundikiro mofanana. Chivundikiro chikhale chokha mosakakamiza. Mukatseka, sunthani tonse tiwiri mumve ngati tikukoka, kenako masikulu.

Wa ku Chipoka: Nanga ndalama mumutchaja bwanji? Palibe sipeya yomwe mwagula.

Achemwali a ku Dwangwa: Isopropyl, flux ndi maso anu si zaulere. Mutchaje ngati ntchito ya jampa pa foni, mumuuze kholo lake zomwe zinawonongeka, mumuonetse ndi chithunzi cha solda wong'ambikayo.

Wa pa Kamuzu Road: Zatheka akuluakulu. Mwanayo wayesera pompano, galimoto ikukhota pakona iliyonse. Ndisanatseke ndinayezanso mbali ya L, solda wake anali atayamba kung'aluka, ndawotcheranso. Wati anzake awiri a m'kalasi ali ndi zangati zomwezi, imodzi L siigwira, abwera nazo Loweruka. Amene akupita ku Lilongwe sabata ino andigulireko tri-wing yeniyeni, ndalama nditumiza pa foni. Yonola ndi fayilo ija yandidyera sikulu imodzi.