Anthu 300, masiku atatu, ndalama zochepa: tiphike chani abale?

NaPhiri_Chigwirizano:
Moni nonse mwa Ambuye. Ndithandizeni nzeru chonde mutu waima. Mpingo wathu ukulandira msonkhano wa amayi a Chigwirizano mu Ogasiti muno, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu masana, tikuyembekeza anthu ngati 300 kuphatikiza azibusa ndi makwaya. Ine andiika mu komiti ya zakudya koma ndalama tasonkhayo ndikuuzeni singagule ngakhale mbuzi zisanu, ndiye pakhale mafuta, shuga, mchere, nkhuni, chigayo. Chimanga chokha chilipo matumba 6 a 50 kg chomwe akhristu anapereka pa masika. Ena mu komiti akuti tipange mpunga ndi nkhuku tsiku lililonse kuti tisachite manyazi kwa alendo, ine ndikuona kuti tisiya mpingo mu ngongole. Amene munaphikirako khamu chonchi munkatani?

Mai a Chisomo:
Mayi musadandaule, ndi matumba 6 amenewo nkhondo mwaithetsa kale theka. Ife tinalandirako amayi a Mvano kuno kummwera ndipo chomwe chinatipulumutsa ndi nyemba ndi kabichi basi. Kawerengedwe kathu kanali koti kilo imodzi ya ufa imadyetsa anthu anayi kapena asanu, ndiye pa anthu 300 mukufunika ufa ngati makilo 70 pa chakudya chimodzi. Inu muli ndi zakudya zinayi za nsima, Lachisanu usiku, Loweruka kawiri, Lamulungu masana, ndiye kuti makilo 280, mukuona kuti matumba anuwo akungokwana ndendende ngati mugaitsa mgaiwa. Koma mukakonola kuti mupange ufa woyera muiwale, wambiri upita ku madeya ndipo mudzagula chimanga china. Ndikudziwa ena ayamba kunyinyirika kuti mgaiwa ndi wa kusukulu ya boding'i kkkk, ndiye panganani zoti thumba limodzi lokha mukonole la azibusa ndi agogo amene mgaiwa umawavuta mmimba, enanu mgaiwa wosefa bwino. Nyemba kilo imodzi anthu 12 mpaka 15 ngati msuzi mwausamala. Mugule za mtundu umodzi, musasakanize zakale ndi zatsopano chifukwa zina zipsa mpaka kuphwanyika zina zili gwa ngati miyala. Muziviike usiku, nkhuni mupulumutsa zambiri.

Che Bwanali wa ku Lizulu:
Masisteri za kabichi, tomato ndi anyezi musagule mtauni pang'onopang'ono ayi. Tumani anthu awiri olimba pakamwa ku Lizulu, Bembeke kapena pa Tsangano Turn Off, Ogasiti ndi nthawi yake zinthu zimakhala mbweee, akagule pa thumba kapena dengu kwa mlimi weniweni osati kwa mavenda a mmbali mwa msewu amene amathamangira magalimoto aja. Tomato mutenge wina wosapsetsa kuti afike Lamulungu. Kachewere alikonso komweko.

MamaDorika77:
Ine ndi wa Seventh Day, pa misasa yathu timaphikira anthu ambiri chaka ndi chaka ndiye ndiikepo ndemanga. Soya pieces mayi. Anthu amazinyoza chifukwa amaziphika molakwika, amangothira mmadzi nkuwiritsa zimatuluka ngati siponji. Ziviikeni mmadzi otentha pang'ono, mufinye, mukazinge kaye pa mafuta ndi anyezi mpaka zifiire kenako tomato ndi kale (curry) pang'ono, munthu amadya osafunsa za nyama. Ndipo ndiwo zamasamba musamangodalira mafuta poti mafuta ndi amene akudya bajeti masiku ano, chitsikireni kwacha mu Novembala 2023 uja zinthu za mu shopu sizinabwererenso. Pemphani mlaga uliwonse ubweretse mtedza mbale ziwiri, musinje nsinjiro, mpiru kapena mfutso wotendera sufuna dontho la mafuta ndipo amayi akumudzi amaukonda kuposa kabichi wokazinga.

Mmawa musayese buledi kapena masikono, anthu 300 ndi ndalama yotaya ndipo pofika 10 koloko njala yawagwira kale. Mbatata yophika kapena chinangwa ndi tiyi, tsiku lina phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Shuga thirirani mu dilamu momwemo, mukaika pa tebulo kuti aliyense adzithirire makilo 10 atha musanatseke pemphero. Thobwa naye ndi mnzanu, konzani madilamu awiri Lachitatu kuti pofika Loweruka akhale atakoma, zakumwa za mmabotolo zisiyeni.

Mkulu wa Mpingo Gama:
Zonse anenazi nzoona koma ine ndichenjeze pa chinthu chimodzi chomwe chinatichititsa manyazi ife. Tinaphika nyemba theka la dilamu usiku kuti mmawa tisavutike, titaphula amayi ena anavundikira bwinobwino nkuika mu kalasi yotseka mawindo poopa agalu. Pofika masana mawa lake tikutsegula chonchi thovu pamwamba, fungo lake losanena, zasasa zonse. Wina anati tithire soda tiwiritsenso palibe adziwe, mwamwayi mayi busa anakana ndipo tinakazitaya kudzala anthu nkudya nsima ndi kabichi yekha. Chakudya chambiri mu chiwiya chachikulu sichizizira msanga, pakati pamakhala pofunda usiku wonse ndiye chimaonongeka. Dzukani 3 koloko muphike za tsiku lomwelo, ikani magulu osinthana.

Chinanso madzi. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 mmene inatithera anthu, ndiye zosamba mmanja mu beseni limodzi anthu 50 zija ayi, pakhale ndowa za mpopi ndi sopo kapena wina azithirira ndi jagi, madzi akumwa muthire klorini, a zaumoyo a mdera lanu mukawauza msanga amathandiza.

Ndipo pogawa musalole aliyense kudzitengera. Ikani amayi anayi okhwima mtima pa mapoto, mitanda iwiri, chipande chimodzi cha nyemba, anthu azibwera mpingo ndi mpingo. Makwaya a achinyamata adye pomaliza, ndanena ine kkkk.

Mai a Chisomo:
Bambo Gama mwandikumbutsa, ophika ndi otsuka mbale muwawerengere padera ngati anthu 30, ndi ana a mmudzi amene adzabwere okha akangoona utsi. Amene aja simungawathamangitse pa tchalitchi.

Achimwene a Yoswa:
Koma abale nyemba masiku atatu anthu akugona mu kalasi imodzi? Chitirani chifundo anzanu kkkkk. Ikanipo usipa kapena bonya Loweruka masana, mukagula pa ndowa amatsikako mtengo. Nyama sungani ya Lamulungu basi, mbuzi ziwiri muduledule tizidutswa ting'onoting'ono msuzi wambiri, munthu amakumbuka chakudya chomaliza.

NaPhiri_Chigwirizano:
Zikomo kwambiri nonse Mulungu akudalitseni, ndalemba zonse mu kope. Ndiye ndikapereka chonchi ku komiti Lachinayi: Lachisanu nyemba ndi kabichi, Loweruka masana usipa ndi mpiru wotendera, usiku soya, Lamulungu mbuzi ziwiri. Za mgaiwa ndikudziwa kukakhala mkangano ndi amayi apampando koma ndikawawerengera makilo aja pamaso pawo. MamaDorika funso limodzi, madilamu awiri a thobwa chimera chake chimafunika chochuluka bwanji, ndipo cha mawere ndi cha chimanga chabwino nchiti?